Mukundimva, Bambo?

Alamu anga, achimwene a mwamuna wanga, ndi telala. Shopu yawo ndi yanga yolukira tsitsi zinalekanitsidwa ndi kathabwa kopyapyala, moti akayetsemula iwo wonena kuti pepani ndimakhala ine. Mu mzere wathu wa mashopu amanditcha Wailesi. Sindikana. Sukulu ndinaisiyira panjira, koma nkhani ya mwini sindinaisiyirepo panjira.

Alamuwo ndi munthu wosayankhulayankhula. Tepi yoyezera ili pakhosi, choko chili kukhutu, mapini ali pakamwa, mwina n'chifukwa chake mawu amasowa potulukira. Akangokuyang'ana adziwa kale chiuno chako, ngakhale ukokere mimba m'kati.

Ali ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha, amene anamupatsa okha dzina loti Samva. Iwo ankafuna kudzamusiyira makina osokera, iye mtima uli pa gitala. Tsiku lina alamu anakwiya n'kudula mawaya a gitalayo ndi sizasi ya nsalu, ija salola munthu kudulira ngakhale pepala. Mnyamata anangonyamula chikwama n'kupita kutali. Zaka zinadutsa moni akudzera kwa mayi ake, ngati katundu wotumiza.

Ndiye tsiku lina ndikusuzumira za eni pa foni, ndinamuona Samva, ndevu zili mbwee, akulengeza kuti amaphunzitsa gitala pa vidiyo, munthu uli kwanu iye ali kwawo. Kasitomala ndinamusiya mutu uli theka n'kuthamangira kwa alamu. Anayang'ana n'kupitiriza kupalasa makina. Sabata isanathe ndinaona gitala yakale ija, itaikidwa mawaya atsopano, itatsamira pa mulu wa nsalu.

"Mlamu," anatero, "mulembereni uja kuti pali wophunzira. Dzina musatchule."

Kusatchula dzina kunandipweteka ngati dzino, koma ndinapirira.

Lachitatu masana foni inalira. Kafoni ka alamu ndi ka mabatani, ndiye inagwira ntchito ndi yanga, ine mwini n'kukhala choimikira. Samva anatulukira akumwetulira ngati wogulitsa mankhwala a mano.

"Takulandirani ku phunziro loya..."

Anauma. Ine ndinayamba kugwedeza foni, kuyesa netiweki yathawa. Sinali netiweki.

"Bambo?"

"Ndine wophunzira," anatero alamu.

"Mukundimva?"

"Ndikukumva."

Muyenera kudziwa kuti m'nyumba imeneyo funso limenelo linkachokera mbali imodzi yokha. "Ukundimva iwe?" Ndipo silinkadikira yankho, linkabwera ndi lamba kumbuyo. Lero wofunsa anali mwana, bambo n'kuyankha mofatsa ngati ali kwa dokotala.

Samva anakanda ndevu. "Chabwino. Nyimbo imodzi, ya makiyi atatu. Mukaidziwa, ine ndi inu tathana. Ndili ndi ophunzira ambiri."

Phunziro linayamba, koma pogwedeza paja ndinali nditatembenuza kamera, ndipo kwa kanthawi mnyamatayo anaphunzitsa mphuno zanga.

"Mayi aang'ono, m'mphunomo muli bwinobwino, koma ndikufuna zala za bambo."

Zala zake zimenezo! Munthu wolowetsa ulusi pa singano osavala magalasi, koma pa gitala ngati wavala magolovesi a owotcherera. Akauzidwa waya wachiwiri, iwo wachinayi. Akauzidwa kanikizani, iwo akusisita. Gitala inkalira ngati mbuzi yokodwa mu mpanda, mpaka wokonza mafoni wa shopu ya kumapeto anabwera kudzafunsa ngati pali chimene chikufa.

"Bambo, chala chapakati! Mukundimva?"

"Ndikukumva. Kolala ya shati lakolo anasoka ndani? Anali ataledzera?"

"Bambo, tili m'kalasi."

"Kumeneko kukuzizira?"

"Pang'ono."

"Ndiye uzivala juzi. Waya uti unanena?"

Miyezi inapita chonchi. Phunziro la theka la ola linkatha dzanja langa litachita dzanzi. Ine ndinalengeza kwa aliyense wokhala pa mpando wanga kuti alamu mutu wawo ndi wa konkire. Kunena zoona ndinkasangalala. Kubanja kumene ndinakwatiwako wolephera sukulu ndinali ndekha, ndiye kupeza mnzanga kunali ngati kupeza mbale kuchilendo.

Tsiku lina masana magetsi anazima. Choumitsira tsitsi chinakhala chete, makasitomala kulibe. Ndinamva nyimbo ija ikuchokera kuseri kwa thabwa, yosalala, yosapunthwa paliponse. Ndinati ndi wailesi, kenako ndinakumbukira kuti mu mzere uno wailesi yolira popanda magetsi ndi ine ndekha. Pathabwapo pali kabowo ka msomali kamene kanakula kokha, musandifunse. Ndinaikapo diso. Alamu! Maso ali chitsinzinire, mapini ali pakamwa, zala zikuyenda ngati zinabadwira pa mawaya.

Atamaliza anayankhula osatembenuka. "Mlamu, diso lanulo ndaliona."

Ndinazungulira n'kulowa. "Ndiye Lachitatu lililonse mumazunziranji dzanja langa?"

Analavulira mapini m'dzanja. "Ndikaidziwa, adzaimbiranso foni chifukwa chiyani?"

Kenako anandiloza ndi choko.

"Pakamwapo mutseke," anatero.

"Ine? Ine ndi manda, alamu."

Manda amenewo anapirira mpaka Lachitatu, ndipo pamenepo mundiyamikire. Ndinkachita kuluma chipeso kuti mawu asatuluke.

Lachitatulo alamu analakwitsa mwaluso kuposa kale. Samva anatsitsa gitala yake n'kugwira mutu.

"Bambo, mwina vuto ndi ine. Mwina munkanena zoona kuti za gitalazi si ntchito. Ngati ndikukanika kuphunzitsa makiyi atatu okha, bola tingosiya."

Alamu anatsegula pakamwa, koma panga panali patatseguka kale.

"Iwe, usapusitsidwe! Amaiimba yonse bambo akowa, maso ali chitsinzinire! Akungoopa kuti ukati tathana..."

Ndinadzigwira pakamwa ndi dzanja limene linagwira foni, ndipo Samva anaonanso m'mphuno mwanga kachiwiri. Nditabweza kamera, alamu anali akundiyang'ana mmene amayang'anira nsalu ya ukwati yodulidwa molakwika.

"Imbani," anatero Samva.

Alamu anaimba. Yonse, kuyambira kumutu mpaka kumchira, moti wokonza mafoni uja anaima pakhomo kukamwa kuli yasa. Atamaliza anatsamiritsa gitala pa mulu wa nsalu pang'onopang'ono, ngati akugoneka khanda.

"Ndiye tathana," anatero, maso ali pansi.

"Gitala tathana," anayankha Samva.

Samva anaumanso. Ine ndinayambanso kugwedeza foni. Kenako mnyamatayo anaimirira, ndipo aka kanali koyamba kumuona kuchokera m'chiuno kutsika. Anatembenuka. Thalauza linali litang'ambika kumbuyo konse, msoko utamasuka ngati pakamwa panga, atangolumikiza ndi timawaya tomangira mapepala.

"Ophunzira amangondiona kumtunda," anatero. "Linang'ambika kalekale. Singano ndinagula, ulusi ndinagula. Poyambira sindikudziwa."

Alamu anavala magalasi, amene savala ngakhale polowetsa ulusi. Anasendera pafupi mpaka mphumi kugunda foni.

"Ulusi wofiira pa thalauza lakuda? Unaleredwa ndi ndani iwe? Litembenuze, kunja kukhale m'kati. Osati ukadalivala, chitsiru! Mayi ako aang'ono ali pano! Ukundimva?"

"Ndikukumvani, bambo."

Thalauzalo mpaka lero silinathe. Mnyamata wokhoza kuimba mawaya asanu ndi limodzi osayang'ana akuti bowo la singano sakuliona, ndipo Lachitatu lililonse alamu amamukalipira mokondwa, n'kumufunsa ngati wadya. Ine ndinaona kuti ulusi amauphonyetsa dala, koma sindinauze munthu, kupatula makasitomala anga ndi wokonza mafoni.

Ntchito yogwira foni anandichotsa. Samva anawatumizira foni yawoyawo, ndipo amaitsamiritsa pa chitini cha mabatani. Akuti chitini sichinjenjemera, chilibe mphuno, ndipo chikaona kanthu chimasunga. Kabowo kaja anakatseka ndi kachigamba kodula bwino, kopinda m'mbali. Miyezi yonse ija ndinaima m'kalasi, koma gitala sindiidziwa, kusoka sindikudziwa. Mnzanga wolephera uja anandithawa, ndatsalanso ndekha. Chabwino n'chakuti thabwalo ndi lopyapyala, ndipo akafunsana kuti mukundimva, oyankha timakhala atatu.