Chisipika Chimene Ndinagulira Mwana Wanga ku Limbe

Amene anayamba kundiuza kuti zinthu zalakwika anali alamu anga a Zuze, amene amayendetsa minibasi ya pakati pa Limbe ndi Chimwankhunda. Anandipeza Lachinayi masana ndikuchapa pakhomo, ndipo pampando sanakhale n'komwe. Anati, "Alamu, nyimbo za kwaya yanu zija ndinaziika m'galimoto lero. Anthu andikuwiza. Mayi wina wati kodi adalaivala mukudula malata? Kondakitala wanga wachita kuzula fulashi yekha."

Inu owerenga, wolakwa pa nkhaniyi ndinali ine. Ndinatsala pang'ono kuphera mwana wanga ntchito ndi manja angawa, osati chifukwa cha nkhanza ayi, koma chikondi chosafunsa. Ndikulemba kuti mayi mnzanga wina asadzagwe m'dzenje lomweli.

Ife kwathu ndi ku Nsanje, koma takhalitsa ku Chimwankhunda. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndipo chimene ndimachidziwa bwino ndi kusoka ndi kuimba alito mu kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu. Mwana wanga woyamba, mtsikana dzina lake Takondwa, ankagwira ntchito yolandira alendo pa situdiyo ina ku Naperi. Kumeneko ankangoyang'ana zimene anyamata akuchita pa kompyuta, mpaka anaphunzira kuika zing'wenyeng'wenye pansi pa mawu a oimba ndi kuzisakaniza kuti nyimbo imveke bwino. Malume ake atamupatsa laputopu yakale, anayamba kupanga yekha kunyumba.

Kwaya yathu itajambula mawu ku situdiyoko, wapampando wathu, mayi Semba, anavomera kuti ntchito yotsalayo aimalize Takondwa. Amayi ena ankang'ung'udza kuti ntchito imeneyi ndi ya amuna, koma mayi Semba anati timuyese. Tsiku lokhazikitsa nyimbozo kutchalitchi linalengezedwa kale.

Vuto linali lakuti kabowo ka mahedifoni pa laputopu ija kankachita phokoso ngati mafuta pa moto. Takondwa anandilongosolera kuti akufunika zinthu ziwiri: kabokosi kakang'ono kamene kamatenga mawu mu kompyuta n'kuwatulutsa oyera, kamene iwo amati saundikhadi, ndi timasipika tiwiri ta mu situdiyo. Anatsindika kuti kabokosiko kakhale kongotulutsa mawu basi, chifukwa mawu athu anali atajambulidwa kale ndipo panalibe china choti alowetse. Anachita kulemba papepala n'kuliika pa kabati, kuti tsiku lina Mulungu akalola adzagule.

Ine ndinali ndi kangachepe kochokera m'kusoka. Ndinati ndimudzidzimutse mwana wanga. Ndinatenga pepala lija osamuuza, n'kukwera minibasi ya ku Limbe.

M'sitolo yoyamba, wogulitsa anawerenga pepalalo n'kunditulutsira kabokosi kakang'ono ngati sopo wochapira. Ndinakatembenuza uku ndi uku. Ndinafunsa kuti maikolofoni alowa pati. Iye anati, "Mayi, aka sikalowetsa, kamangotulutsa. Mwana wanuyo akudziwa chimene akufuna." Timasipikato tinali tosaoneka n'komwe, topanda maluwa, ndipo ataika nyimbo inangomveka wamba. Mumtima ndinati mnyamatayu waona chitenje changa ndipo akufuna kundipusitsa. Kanthu ka zoimba kopanda polowera maikolofoni, ndi kanthu kanji?

Nditatuluka, ndinamva chiphokoso tsidya la msewu. Pakhomo pa sitolo ina panali chisipika chofika m'chiuno mwangamu, chowala magetsi ofiira ndi obiriwira. Chinali ndi mabowo awiri a maikolofoni, wailesi, polowetsa fulashi, ngakhale matayala. Mwini wake anachikweza mpaka besi inandigunda pachifuwa. Anati, "Amayi, ichi chikalira ku Chimwankhunda, a ku Nancholi avina." Inu mukudziwa mmene ife timayesera sipika. Pa ukwati, pa chinkhoswe, pa msonkhano wa chitsitsimutso, yabwino ndi imene yagwedeza mawindo. Pepala lija ndinalipinda n'kuliika m'chikwama. Chisipikacho chinakhala pampando wakewake mu minibasi, ine pambali pake ndikumwetulira ngati ndikuchokera kuchipatala ndi khanda.

Kunyumba ndinaitana Takondwa, bambo ake ndi ang'ono ake, tinachiika pakati pa balaza, ndinachisanjika manja n'kupemphera kuti chidalitse ntchito ya mwana wanga. Takondwa anagwada, nati, "Zikomo amayi, Mulungu akudalitseni." Ndinamulera ndine, ndinamuphunzitsa kuti mphatso ya kholo siikanidwa. Nanga chinthu choti amayi ako achipempherera pamaso pa banja lonse, ungachibweze bwanji?

Anagwira ntchito milungu itatu ndi chisipika chija. Magetsi akangoyaka, iye pa laputopu. Nyimbo zinkamveka mokoma m'nyumba mwathu, anansi ankaima pawindo. Atamaliza anapereka fulashi imodzi kwa a Zuze ndi ina kwa mayi Semba. Kenaka ndi pamene alamu anga anabwera ndi uthenga uja.

Tsiku lomwelo madzulo dzuwa lisanalowe, mayi Semba anaimba foni. Anati amvetsera pa wailesi ya kunyumba kwawo, ndipo mawu a amayi akulasa m'makutu, pansi palibe kanthu. Anati komiti ikuganiza zotengera ntchitoyo kwa mwamuna wina wa m'tauni. Takondwa anangoti wamva, n'kulowa kuchipinda.

Ndinamutsatira. Ndinamufunsa kuti andiuze zoona, ngati mzimayi mnzake. Analira kaye, kenaka anandilongosolera pang'onopang'ono. Anati chisipika chija chinapangidwa kuti chizikometsa. Chimaonjezera besi yakeyake ndipo chimabisa mawu a anthu. Ndiye iye pomva besi yambiri ankaichepetsa mu kompyuta, posamva bwino amayi ankawakweza. Nyimbozo zitachoka pa chisipikacho n'kupita kwina, besi yobwereka ija inatsala m'nyumba mwathu, ndipo kunja kunangopita kukuwa. Anati timasipika tija ndinatinyoza, ntchito yake ndi kunena zoona, ngakhale zowawa. Anali ataona kuti china chake sichili bwino, koma ankadzilimbitsa mtima kuti mwina zitheka, kusiyana n'kundichititsa manyazi.

Inu anzanga, mawu amenewo anandipyoza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mabowo onse aja ndinawasirira, palibe ngakhale limodzi limene mwana wanga analigwiritsa ntchito.

Loweruka pa pulakatisi ndinapempha kulankhula. Ndinauza amayi onse kuti mwana analemba chimene amafuna, ine ndinagula china chifukwa chinkawala ndi kugunda pachifuwa. Ndinapempha milungu iwiri yokha. Kenaka mayi wina wa sopulano anati, "Inu amake Takondwa, tonsefe tikanagula chomwecho. Ine ndikanagula ziwiri!" Amayi anaseka mpaka ena kupukuta misozi. Mayi Semba anati milungu iwiri, osaposa. Ndipo poti kwaya inalibe sipika yopita nayo ku maliro ndi ku maukwati, anagwirizana zotigula chisipika chija kuti chikhale cha gulu, ife tipeze pogulira zoyenera.

Lolemba ndinabwerera ku Limbe, ulendo uno ndili pambuyo pa mwana wanga. Tinalowa m'sitolo yoyamba ija. Mnyamata uja anandizindikira, anangoti, "Mwabweranso mayi," ine ndinati ndabwera ndi mwini pepala. Takondwa anatulutsa laputopu yake, analumikiza kabokosi kaja ndi timasipika, phokoso la mafuta lija linatheratu. Anaika nyimbo imene amaidziwa bwino kuyambira ali mwana, n'kupempha kuti atsitse voliyumu, asakweze. Anatseka maso. Anasuntha mutu kumanzere, kumanja. Anafunsa ngati mawaya ake akugwirizana ndi mabowo a kumbuyo, anayesanso mahedifoni. Ine ndinangogwira chikwama, ndikuona mwana wanga akulankhula ndi wogulitsa ngati munthu wa ntchito yake. Tsiku limenelo ndinamudziwa mwatsopano.

Timasipika timeneto sitinyengerera munthu. Tsiku loyamba lomwe, Takondwa anandiitana kuti ndimve. Mu nyimbo yachitatu munali munthu akutsokomola, ndipo mu yachisanu alito wina analowa mochedwa. Anandiyang'ana akumwetulira. Alito ameneyo ndinali ine. Chisipika chija chinandibisa milungu itatu yathunthu.

Anayambiranso zonse. Akamaliza nyimbo, ankaimvetsera pa foni yanga, pa wailesi ya anansi, kenaka n'kupita nayo pa siteji ya minibasi kudikira a Zuze kuti aiyese m'galimoto muli anthu. Lachisanu la mlungu wachiwiri a Zuze anaimitsa minibasi pafupi ndi nyumba, anthu ali momwemo, n'kukuwa pawindo kuti, "Alamu! Lero akukana kutsika, ati nyimbo ithe kaye!"

Tsiku lokhazikitsa linafika. Tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima panja. Nyimbo yoyamba itayamba, mawu a amayi anamveka aliyense pamalo pake, besi ili pansi mwaulemu. Nthungululu zinabuka. Mayi Semba anaitana Takondwa kutsogolo, anamuveka chitenje cha kwaya, nauza mpingo kuti ntchito yonseyi waigwira ndi mtsikana wa pakati pathu pompano. Ine ndinalephera kuimba vesi yachiwiri, ndinkangoti zikomo Yesu, zikomo Yesu. Tisanatuluke, amayi a kwaya ina ya ku Nancholi anali atamuzungulira kale kufunsa kuti angayambe liti zawo. Lero ali ndi kachipinda kake kogwiriramo ntchito, ndipo atsikana awiri akuphunzira kwa iye.

Tsono makolo anzanga, mwana akakuuzani chida cha ntchito yake, mverani. Akalemba papepala, gulani chimene chalembedwa, kapena mutengeni mupitire limodzi. Musayese chida ndi kukula kwake, kuwala kwake kapena kuchuluka kwa mabowo ake. Choimbira pa ukwati ndi china, chopangira nyimbo ndi chinanso. Ndipo musafulumire kupempherera chinthu pamaso pa anthu musanafunse mwini wake, chifukwa mukatero mwamutseka pakamwa. Inunso ana, ulemu ndi wabwino, koma kholo likalakwitsa liuzeni mofatsa nthawi ikadalipo. Sitidzakutembererani.

Pomaliza ndikupempha kuti mukamagwada muzitikumbukira, ine, bambo a Takondwa amene miyendo ikuwavuta masiku ano, ang'ono ake amene akadali pa sukulu, ndi Takondwa mwini, kuti Mulungu amusungire makutu ake ndi mtima wake wofatsawo.