Kaseti ya Amalume

"Ukulirira kaseti, iwe, munthu ali chigonere m'nyumbamu? Choka pamaso panga!"

Anali mayi amenewo. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndinawayankha mwano. Mtima wapachalawu sindinauyambire kuukulu.

Kasetiyo inali yakuda, yolembedwa ndi bolopeni yofiira. Inabwera ndi amalume kuchokera kumigodi ya ku Zambia, masika, mapira a mayi kuseri kwa nyumba atayamba kucha. Amalumewo anafika ndi sutikesi imodzi, chifuwa chosatha, ndi kakompyuta ka mabatani a mphira, kukula kwake ngati buku la nyimbo. Masewera sankakhala m'kakompyutamo ayi, ankakhala m'kaseti. Ukaiika m'wailesi inkangolira ngati nyenje. Koma ukalumikiza mawaya ku kanema wa aphunzitsi, omwe anali okhawo a magetsi mumzere wathu pa Boma, n'kudikira mpaka miyendo kuchita dzanzi, pankatuluka kamunthu kodumpha maenje.

Poyamba tinkapita awiri, amalume akupumira pamtengo uliwonse. Kenako ndinkapita ndekha. Ndikabwerako ankafunsa ali pamphasa: "Wadumpha angati lero, mphwanga?" Fungo la mankhwala opaka pachifuwa linkandifulumizitsa kutuluka.

Tsiku la mkanganolo ndinaika kaseti monga mwa masiku onse. Nyenje sinalire. Kunamveka kutsokomola, kenako mawu a amalume: "Ana anga, ndine bambo wanu." Aphunzitsi anazimitsa wailesi, nandiuza kuti ndibweze msanga kunyumba.

Dzanja la amalume linali litasiya kugwira bolopeni. Kaseti ina m'nyumbamo munalibe, choncho mayi anadina batani lofiira lojambulira mawu, achimwene awo n'kulankhula kwa ana awo omwe anatsala ku Zambia. Dalaivala wina wa lole anali atalonjeza kuiwolotsa malire Loweruka. Zonsezo mayi anandiuza. Ine ndinangomva chimodzi: kamunthu kanga kafufutidwa.

"Ndikachira ndidzakugulira ina," anatero amalume. Sindinawayang'ane n'komwe.

Mwezi wathawu mwana wanga anandiikira masewera omwewo pafoni. Akuti kuli anthu kunjaku amene anatolera makaseti akale onse, n'kuwasunga kuti asatayike. Ndinadumpha maenje atatu, ndinaponya foni pampando, ndinamukalipira mwanayo popanda chifukwa. Kamunthu kopanda pake anthu anakasunga zaka zonsezi. Mawu a amalume anga palibe amene ali nawo.

Amalumewo anamwalira mapira asanakololedwe. Ana awo anafika titaika kale, ndipo wamkulu anafunsa ngati bambo anasiya mawu. Mayi anayang'ana pansi, nati analibenso mphamvu zolankhula. Dzina langa sanalitchule, mpaka nawonso analowa m'manda.

Zimene ndinachita n'zakuti m'mawa wotsatira tsiku la mkanganolo, mayi atapita kumjigo, ndinatenga kasetiyo pawindo. Ndinakola riboni yake ndi msomali, n'kuisolola yonse. Ndinaikulunga pa timitengo kuzungulira mapira, monga ankachitira anthu ndi makaseti otha ntchito poopseza mbalame. Inkanyezimira padzuwa, ikulira ndi mphepo, mpheta zikuthawa. Ndinaima pamenepo manja m'chiuno, mtima uli mbee. Ndinkati ndangowabwezera basi. Pakamwa ali napo, akafuna alankhulanso.