Achemwali Ankakana Kugona Chagada

Kwathu ku Nsanje, mwana akagona chagada, miyendo atawongola, manja ali m'mbali, amayi sankafunsa zambiri. Ankangotola chimene chili pafupi, kaya chipande kaya nsapato. "Ukulaula ndani?" ankatero uku akukwapula. Wogona choncho ndi maliro okha. Wamoyo amagonera nthiti, mwendo wina atapinda. Ine zimenezi ndinazitaya nditangozolowera m'tauni, koma achemwali anga, amene anandilera kuno ku Blantyre, anabwera nazo ndipo anazisunga.

Ankagwira ntchito m'sitolo ya holoselo ku Limbe, kuimirira tsiku lonse pakati pa makatoni a sopo ndi matumba a shuga, kukalipirana ndi onyamula katundu. Anali munthu wathupi, wamawu, wosachedwa kupsa mtima. Mutu utayamba kuwawawa kunkhongo anangoti ndi dzuwa. Atayamba kuona chizungulire ndinawakokera kuchipatala, komwe adokotala anati magazi akuthamanga moopsa. Anawapatsa mapiritsi a tsiku ndi tsiku, nawauza kuti achepetse mchere ndipo aphunzire kukhazika mtima pansi. Za mcherezo anamva. Zinazo anaseka.

Mnzanga wa ku ofesi ndiye anandiuza za yoga. Anati ilipo yamitundumitundu, ina yothamanga, ina yofatsa, ndipo yofatsayo ndi imene imathandiza anthu a matenda ngati amenewa. Ankaphunzitsa mayi wina wachikulire wachimwenye, pakhonde lalikulu la nyumba yake ku Nyambadwe. Achemwali anandifunsa kaye ngati si zopembedza mafano. Nditawalumbirira kuti n'kudziwongola ndi kupuma basi, anavala chitenje pamwamba pa buluku, tinapita.

Tinapeza anthu ochepa, ambiri aimvi. Panali bambo wina wachisilamu, dalaivala wa magalimoto akuluakulu, amene anatiuza kuti msana unkamuletsa kugwada popemphera koma tsopano amagwada bwinobwino. Panali mayi wina amene anati tulo tinamubwerera. Zonse zinkachitika pang'onopang'ono: kukokera mpweya mkati, kuutulutsa, kutsamira pilo, kukweza miyendo pakhoma. Achemwali ankandinong'oneza kuti anthu a ku Nyambadwe alibe zochita, koma ankatsatira, ndipo nkhope yawo ndinaiona ikumasuka.

Kenako aphunzitsi aja anati tonse tigone chagada, tiwongole miyendo, manja m'mbali, titseke maso. Kunali kozizira, mwezi wa Juni, ndiye anayamba kuyenda mwakachetechete kufunditsa aliyense kansalu kopyapyala. Ndinamva mkeka wa pambali panga ukukwinyika. Achemwali anali atakhala tsonga, akuyang'ana mzere wa anthu ogona zii, ofunditsidwa mpaka pachifuwa.

"Iwe, wandibweretsa ku mochale?" anatero mokweza.

Aphunzitsi anabwera, nafotokoza mofatsa kuti gawo limeneli ndi limene limathandiza mtima kuti ubwerere m'malo, ndipo ngati safuna chagada akhoza kugonera nthiti.

"Ine ndigonere nthiti pakati pa mitembo? Pepani mayi, ndili ndi ana."

Anapinda mkeka, natuluka. Ndinawapeza pamsewu akudikira minibasi. Sunali ukali umene ndinauzolowera, anali mantha enieni, ndipo ndinawamvera chisoni.

Patapita masabata angapo anadzipezera okha malo ena, jimu ya pamwamba pa sitolo ku Ginnery Corner. Ndinapita nawo kamodzi. Imeneyo inali yoga yothamanga: mazenera otseka dala kuti mutenthe, nyimbo zikugunda, achinyamata a m'maofesi akuweramira pansi mutu, kudumpha, kudzuka, kuweramanso osapumira. Thukuta linkachita kudontha pamkeka. Kumenekonso pomaliza ankagona chagada, koma ambiri ankanyamuka msanga kuthamangira minibasi, choncho achemwali akamatuluka osagona, palibe amene ankawayang'ana. "Izi ndiye zolimbitsa thupi," anandiuza akupukuta kumaso. "Munthu umadziwa kuti wagwira ntchito."

Sindinganame, zinawathandiza mbali ina. Thupi linatsika, msana unasiya kudandaula, masiketi akale anayambanso kuwakwana. Koma achemwali sanamuuze mphunzitsi wa kumeneko za matenda awo, poti sankafuna kuoneka nkhalamba pakati pa ana. Choipa kwambiri, anayamba kudumphitsa mapiritsi. Ndinapeza botolo pawindo lili lodzaza.

"Achemwali, mankhwalawa bwanji?"

"Matenda anatuluka ndi thukuta. Sukundiona?"

"Adokotala anati musasiye."

"Ndiye wasanduka dokotala iweyo? Ndinakusintha matewera ine."

Tinakangana mpaka ana anathawira panja. Anamwa piritsi limodzi pamaso panga kuti nditseke pakamwa, ndipo ndikudziwa kuti mawa lake sanamwe.

Anagwa m'mawa wina ku depoti ya ku Limbe, akutsika minibasi. Anandiimbira foni ndi mayi wogulitsa nthochi amene anawatolera chikwama. Chimene chinawagwetsa, kaya ndi kutentha kwa m'jimu muja, kaya mapiritsi aja, kaya zinali kubwera kale, adokotala sananene motsimikiza, ndipo ine ndinasiya kufunsa. Anangoti ndi sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inali itafa, kamwa litapotoka.

Nditalowa m'wodi ndinawapeza atawagoneka chagada, miyendo yowongoka, manja m'mbali, nsalu yoyera mpaka pachifuwa. Maso okha ndi amene ankayenda, uku ndi uku, ngati a nkhuku yomangidwa miyendo. Ankayesa kulankhula koma mawu ankatuluka ophwanyika. Ndinaika khutu pakamwa pawo, ndipo kachitatu ndinamva.

"Nditembenuze."

Ndinawakankha phewa ndi chiuno, ndinawagoneka cha nthiti, ndinawapinda mwendo wakufawo. Anapuma mozama, misozi ikutsikira m'khutu. Kuyambira tsiku limenelo imeneyo inakhala ntchito yanga. Anamwino anati ndikuchita bwino, kutembenuza kumateteza zilonda. Sindinawauze kuti ife tinali ndi chifukwa china.

Titabwerera kunyumba, mayi wophunzitsa odwala kuyendetsanso ziwalo anatisonyeza mtundu wachitatu, yoga ya pampando. Dzanja lamoyo linkanyamula lakufa, kulikweza, kulitsitsa, uku akukoka mpweya pang'onopang'ono. Achemwali anazindikira kapumidwe kake. "Za ku Nyambadwe," anatero, naseka ndi theka la kamwa. Ankachita mosanyinyirika, ndipo zinkawapatsa tulo ndi kuwachepetsera ukali. Zala ziwiri zinayamba kugwedezeka. Tinayamba kulankhula za kuyenda ndi ndodo.

Sitiroko yachiwiri inabwera nthawi ya mvula, ndipo sinawasiye.

Amayi a mvano atamaliza kusambitsa thupi anandiitana kuti ndilowe. Anali atawagoneka pamphasa, owongoka bwinobwino, manja m'mbali. Sindinaganize chilichonse. Ndinangogwada, dzanja lina paphewa, lina pachiuno, monga mwa masiku onse. Mayi wina wachikulire anandigwira pamkono.

"Asiyeni, mwanangu. Pano ndiye kagonedwe kawo."

Chaka chathachi nanenso anandipeza ndi matenda omwewo. Mapiritsi ndimamwa osadumphitsa, ndipo Loweruka ndimakwera minibasi kupita ku Nyambadwe. Zimandithandiza, mutu unasiya kuwawa kunkhongo. Pomaliza aphunzitsi akati tigone, ndimagona chagada ngati anzanga, maso ndimatseka, kansalu kaja amandifunditsa. Koma mwendo umodzi ndimapinda, ndipo iwo sanandiuzepo kuti ndiuwongole.