Clotilda ndi Mwini Bwato wa ku Makhanga

Madzi atasefukira ku Makhanga, Clotilda anapulumuka ndi chitenje chimodzi ndi mwana kumsana. Mwamuna wake, Sebastiano, anatsala pa chulu chifukwa bwato la bambo Elias linali litadzaza.

"Dikirani achimwene, ndibweranso," anatero Elias akupalasa.

Pobwerera anapeza madzi okhaokha.

Kuyambira tsiku limenelo Clotilda anadana naye Elias. Akakumana naye ankayang'ana kumbali n'kulavula. Chidanicho chinamuumitsa mtima moti ankakalipira aliyense, ngakhale mwana wake yemwe akalira. Inu amene munasungapo mkwiyo mukudziwa kulemera kwake.

Pa msasa wa anthu othawa madzi panali mayi Vera, mphunzitsi wopuma pa ntchito. Iwo ankasonkhanitsa amayi pansi pa mtengo wa nimu n'kumawaphunzitsa kujambula ndi makala pa makatoni. Tisanamizane, Clotilda sanapiteko chifukwa chokonda luso. Ankathawa kutentha kwa m'tenti.

Mayi Vera anali ndi lamulo limodzi. "Musathamangire kujambula. Kokani mpweya ndi kuutulutsa pang'onopang'ono kakhumi, maso ali pa chimene mukufuna kujambulacho. Maganizo akathawa, abwezeni mofatsa."

"Ndiye mpweyawo tidya?" anafunsa Clotilda, amayi onse n'kufa nazo ziseko.

Mbuzi yake yoyamba inatuluka ngati ng'ona. Yachiwiri inali ndi miyendo isanu. Koma sanaleke, chifukwa anazindikira kuti akapuma kakhumi maso ali pa chinthu chimodzi, m'chifuwa mwake munkapepuka. Tsiku lonse, mpumulo wake unali umenewo basi.

Patatha miyezi anayesa chinthu chovuta. Zithunzi zonse za Sebastiano zinapita ndi madzi, choncho anakhazika mlamu wake pa mpando, kumuyang'anitsitsa, n'kujambula mwamuna wake potengera nkhope ya m'bale wakeyo. Anang'amba mapepala ambiri asanakhutire. Apongozi ake ataona chithunzicho anakhala pansi n'kulira.

Mbiri inafala. Clotilda anasamukira ku Ngabu n'kuika tebulo pa khonde lina pafupi ndi msika. Ofedwa amene analibe chithunzi cha wokondedwa wawo ankabwera ndi wachibale wofanana ndi malemuyo. Iye ankamuyang'ana, kufunsa, kumvetsera. Anthu ankayamba ndi kufotokoza mphuno ndi makutu, n'kumalizira kukhuthula za mumtima. Mayi waukali uja anaphunzira kulira ndi anzake. Elias yekha ndiye analibe malo mumtima mwake.

Zaka zinayi zitadutsa, m'mawa wina, wakabaza anatsitsa munthu pa khonde paja. Anali Elias. Anavula chipewa n'kuima patali.

"Mayi, ndikudziwa simufuna kundiona. Koma mwana wanga Chiku alibe chithunzi. Amayi ake akuti nkhope yake yayamba kuwathawa."

Clotilda anali atamvapo kuti Elias naye anataya mwana pa madzi aja, koma sanafunepo kudziwa zambiri. Mtima unamuuza kuti amuthamangitse.

"Ankafanana ndi ndani?" anafunsa mouma.

"Ndi ine."

Apa zinthu zinavuta. Kuti ajambule mwanayo, anayenera kuyang'anitsitsa nkhope imene anaikana zaka zonsezi. Anamulozera mpando.

Clotilda atapuma koyamba, mkwiyo unamukwera. Anaumva, osauthamangitsa, n'kubweza maso pa nkhopeyo. Pofika kachisanu anaona imvi ndi masaya olowa.

Elias anayankhula atazyolika. "Chiku anali mu mtengo wa mango, kutsogolo kwa chulu chija. Tinamudutsa inu muli m'bwato momwemo. Simunamuone, munali mutayang'ana kumbuyo mukuitana amuna anu. Malo munalibe. Ndinamuuza kuti gwiritsa mwanawe, ndibweranso."

Clotilda anamvetsa kuti malo amene iye ndi mwana wake anakhalapo m'bwato muja, munthuyu akanatha kuwapatsa Chiku. Chisoni chinamugwira, misozi n'kudontha pa pepala. Anatenga pepala lina.

"Bambo Elias, dzutsani nkhope ndikuoneni bwino."

Anajambula mpaka dzuwa kufika paliombo. Atamaliza, Elias analandira chithunzicho ndi manja awiri.

"Ndi yemweyu. Takhuta, mayi," anathokoza m'Chisena.

Clotilda anamuperekeza mpaka pa msewu, n'kumuuza kuti akapereke moni kwa amayi a Chiku.

Inu amene mukuwerenga, mwina muli naye munthu amene simufuna n'kumuona komwe. Mwina mukuganiza kuti mtima wanu unauma kalekale ndipo sungafewenso. Chifundo chimaphunzirika, monga Clotilda anaphunzirira kugwira makala, ndipo masiku oyamba sizituluka bwino. Khalani pansi, pumani, muyang'aneni munthuyo. Mukalephera lero, mawa yesaninso. Musautaye mtima wanuwo, ukadali ndi moyo.