Tsiku limene ndinaperekeza chithunzi chanu

Atate, lero ndaona buku lija la mbiri ya migodi m'sitolo muno mu Kitwe. Nditatsegula, ndakupezani pachithunzi muli pa mgodi wa Mindolo, chipewa cha kumgodi chitapendekeka, mukuseka!

Mukukumbuka osindikiza mabuku a kuyunivesite atabwera kudzabwereka chithunzichi? Chinali chokhacho cha paunyamata wanu, ndiye munaopa kuti chitayika. Munati, "Mkwatibwi sapita yekha. Tisa, muperekeze." Ine ndi manyazi anga ndinachikulunga m'chitenje n'kukwera nawo galimoto mpaka ku Ndola. Akuchijambula pamakina, ndinaima pomwepo osaphethira, mpaka mayi wina anandikokera mpando akuseka. Nditabwera nacho, munaimba nthungululu ngati mzimayi, aneba mpaka kutuluka. Munatisiya bukulo musanalione, Atate, koma mkwatibwi wanu akadali pakhoma pathu. Ndamupukuta fumbi lero.