Chilipo Sanali Wachiwewe

Fungo la galu wonyowa ndi mvula landipeza pamsika wa Balaka lero, mtima n'kuwawa pomwepo. Ndakumbuka Chilipo, galu wathu wa ku Rivirivi. Ali kamwana, agalu a alenje anamung'amba khutu. Kuyambira pamenepo, akaona galu mnzake ankauwa mpaka thovu kukamwa, miyendo ikunjenjemera. Ine ndinkanyadira, poyesa kuti n'kulimba mtima.

Amalume ankamukwapula. "Ameneyu ndi wachiwewe!"

"Iyayi amalume, inetu amandinyambita m'manja."

Tsiku lina amalumewo anamukokera kumtsinje atanyamula chibonga, n'kubwerako ndi chingwe chokha.

Mpaka lero zimandipsetsa mtima. Galuyo ankangoopa, koma akuluakulu onse a pakhomo pathu sanaganize zongomumangirira kuseri kwa nyumba, kosadutsa agalu.