Gwape wa Apongozi ndi Mfuti ya Patarau

Munthu akandiyambitsa nkhani ya mfuti ya mipope iwiri, ija ya mpope wina wa shumbu, tizitsulo ting'onoting'ono towombera mbalame, wina wa chipolopolo, ndimamudula pakamwa. Ndi mfuti yachabechabe. Imalemera ngati mtanda wa denga, ndipo nkhwali ikabuka, iwe umayamba waganiza kuti ndiwombe ndi mpope uti, mbalame n'kukhala itafika kale kutsidya. Koma amene ankaitama kuposa onse kwathu ndinali ine ndemwe.

Nthawiyo nkhondo inali isanatifike kwenikweni. Ndinali nditachoka kusikola ya ansembe, ndikugulitsa pakantina ya Mpwitikizi wina ku Vila Coutinho, ndipo ndinali nditangokwatira kumene mwana wa mkulu wina wa kufupi ndi Fonte Boa. Bwana wangayo, amene tinkamutcha patarau, ndiye anali ndi mfutiyo. Ine ndinali ndisanaiwombepo, koma ndikapita kwa apongozi ndinkaifotokoza ngati ndinaisula ndekha. Mpope wapamwamba ngwa nkhwali ndi nkhanga, wapansi ngwa gwape. Munthu mmodzi, ulendo umodzi, ndiwo za mlengalenga ndi zapansi pomwe.

“Mfuti ya mitala imeneyo, alamu,” anatero mchimwene wa mkazi wanga tsiku lina. “Akazi awiri, onse ogona ndi njala.”

Anthu anaseka. Ine ndinapsa mtima. Ndinati nthungo ndi zibonga zawozo n'za anthu osaona sikola, ndipo pa uzimba ukubwerawo ndidzabwera naye patarau adzaone okha. Apongozi anangopitiriza kupala mpini.

Uzimba unachitika tchire litapsa, mphepo ikuulutsa phulusa m'mapiri. Patarau anabweradi pagalimoto, ine ndili pambali kuti ndizimasulira. Amuna anatambasuka mzere, agalu patsogolo. Dzuwa litakwera, gwape anadzambatuka m'chitsamba pafupi ndi apongozi. Mkulu uja anaponya nthungo osaganiza kawiri, n'kumulasa pantchafu. Tonse tinaona magazi. Gwape anathawa motsimphina kulunjika kumene tinaima ife.

Patarau anawomba. Unali mpope wa shumbu, ndipo gwape anali patali. Tinangoona fumbi, agalu n'kubalalika. Anatukwana, anapapasa kachitsulo kosinthira, anawombanso. Chipolopolo chinamugwetsa gwape.

Lamulo la uzimba ngakhale mwana amalidziwa. Woyamba kulasa ndiye mwini nyama, ngakhale ikagwere m'manja mwa wina kutsidya kwa dambo. Womaliza amapatsidwa mwendo, basi. Choncho apongozi anafika, nazula nthungo yawo, natulutsa mpeni kuti amudulire mlendo mwendo wake.

“Akuchita chiyani mkuluyu?” anandifunsa patarau m'Chipwitikizi.

Ndinamufotokozera mwambo wonse. Anaseka, n'kuloza bala la chipolopolo ndi nsonga ya jombo.

“Muuze kuti ndodo yakeyo yangoikanda. Yapha ndi iyi. Anyamule akaike m'galimoto.”

Ndinamuchonderera chapansipansi kuti awa ndi bambo a mkazi wanga. Anati ndalembedwa ntchito yomasulira, osati yoweruza milandu.

Amuna onse anali atatizungulira, maso ali pa ine.

“Akuti bwanji mzungu wanu, akamwini?” anafunsa apongozi.

Ndinayang'ana phulusa la pansi. “Akuti nyamayi njawo, bambo. Akuti ikwezedwe m'galimoto.”

Alamu anga anayamba kulalata, koma apongozi anawaletsa ndi dzanja. Anapukuta mpeni paudzu wotsala, naubweza m'chiuno.

“Chabwino. Muwauze kuti zikomo. Muwafunsenso ngati angandiganizireko mwendo, popeza ndawathandiza.”

Palibe anaseka. Ndinamasulira mawu amenewo, ndipo patarau anakondwa zedi. Anati mkuluyu ndi waulemu, n'kundiuza kuti ndidule ndekha. Ndinagwada n'kudula, ndili ndi ukali umene ndinalibe poutula. Kenako apongozi ndi alamu ananyamula gwape wawo wa miyendo itatu n'kukamuika kumbuyo kwa galimoto.

Sindinakwere nawo pobwerera. Ndinatsatira anthu wapansi, mwendo uli m'manja, ndili kumbuyo kwa agalu. Pakhomo ndinaupereka nditagwada. Apongozi anaulandira ndi manja awiri, nawomba m'manja monga amachitira munthu wolandira mphatso.

Ena amandiuza kuti vuto silinali mfuti, linali mwini wake. Mwina. Koma ndimawafunsa: pa uzimba, pamene pali agalu ndi anthu mbali zonse, munthu wofunika kusankha mpope asanawombe ali ndi ntchito yanji? Akanakhala ndi ya shumbu yokha, gwape akanamupitirira, agalu akanamugwira kudambo, nyama ikanabwerera kwa mwini. Mpope wachiwiri uja ndi umene unamupatsa choloza ndi jombo.

Madzulo ake mkazi wanga anabweretsa chakudya pabwalo. Nyama inali yochepa, amuna tinalipo ambiri. Apongozi anasankha nthuli yaikulu, naiika mbali yanga ya mbale.

“Idyani, akamwini. Mwatopa ndi kuyankhula.”

Ndinaitafuna nthawi yaitali. Chaka chotsatira atamema uzimba, uthenga sunafike kukantina, ndipo ine sindinafunse chifukwa.